Wakabaza Ankafuna Mayi wa Nsikidzi

Mpaka lero ndikamva njinga yamoto ikuima pageti, thupi limayamba kuyabwa lokha. Bola ndifotokoze ndekha, poti ku Chilomoni kuno nkhaniyi akuifotokoza kale anthu ena, ndipo akuithira mchere wambiri.

Ine ndine mayi waukhondo. Uku sikudzitama, ndi zimene ankanena okha anthu a mumphakati wathu. Khonde langa ndimalipaka polishi mpaka nkhuku zimaterereka. Ndiye mutha kumvetsa mmene mtima unandipwetekera nditapeza nsikidzi m'mipando ya pabalaza, mapemphero a mphakati ali pafupi kuchitikira kwathu. (Zinabwera ndi mlamu wanga wa ku Bangwe. Iye amakana, koma chikwama chake ndinachiona.)

Mankhwala a nsikidzi amapezeka pamsika pompano, m'shopu ya a Nambewe. Vuto linali loti a Nambewe ndi msungichuma wa mphakati womwewo. Zoti ndikaime pakauntala pawo n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti ndikufuna a nsikidzi, ndinaona kuti bola kulumidwa.

Ndiye ndinachita zamakono. Pa intaneti pali anthu ogulitsa chilichonse. Umangolemba uthenga, kutumiza ndalama pafoni, katundu n'kukupeza, popanda kuyang'anana m'maso ndi munthu. Ndinapeza wogulitsa wina wa ku Limbe, ndipo kwa iye ndinamasuka ngati kwa dokotala: m'mipando zilimo, m'matiresi zilimo, kuseri kwa kalendala nakonso. Munthu wosakudziwa umamuuza zonse.

Komabe ndinachenjera. Dzina ndinapereka labodza, Mayi Phiri, poti a Phiri ali paliponse. Nyumba sindinalozere, ndinangoti akafika pakiyosiki ya madzi aimbe. Tsono ine ndili ndi lamulo langa: nambala yachilendo sindiyankha, chifukwa akuba a pafoni achuluka. Zoti wobweretsa katundu adzaimba pa nambala yake, osati ya wogulitsa, sizinandifike m'mutu.

Tsiku lake m'mawa foni inalira, n'kuliranso. Ndinaisuzumira, nambala yachilendo. Ndinati, "Mwalemba m'madzi, mbava inu," n'kupitiriza kuchapa.

Zotsatirazi ndinachita kumva kwa mboni, ndipo mboni zinalipo zokwanira. Wakabaza wobweretsa katunduyo anafika pakiyosiki nthawi imene amayi amakhala atandanda ndi zigubu. Atafunsa za Mayi Phiri, anamulozera a Phiri onse a m'deralo, iye n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo, kufunsa ngati ndi pano pavuta nsikidzi. Mayi Phiri wina, mkazi wa aphunzitsi, anamupitikitsa ndi tsache. Atatopa, anaimbira wogulitsa uja, amene pofuna kuthandiza anamutumizira chithunzi changa chimene chimaoneka pa nambala yanga. Ndi chija ndinajambulitsa pa Pasaka, nditavala chitenje cha mpingo, manja nditapinda ngati woyera mtima. Foniyo inayenda dzanja ndi dzanja pamzere wonse wa madzi.

Ndinangomva njinga pageti. Kumbuyo kwake kunali anthu operekeza, ena zigubu zili pamutu. Pampando panali katoni yojambulidwa nsikidzi yaikulu ngati kamba.

"Mayi Phiri ndinu?" anafunsa wakabaza.

"Kuno kulibe Mayi Phiri," ndinatero.

"Koma nkhope ndi yomweyi, madam. Mwandizunzatu! Foni simuyankha, fiyuwelo wandithera. Abwana akuti muthire m'mipando ndi m'matiresi momwe, kuseri kwa kalendala musaiwale. Ndiye mudzabwereze, mazira safa msanga. Zikakhala zambiri ngati mmene munaneneramo, botolo limodzi silikwana."

Anali munthu wodziwa ntchito yake, mawu akenso omveka patali. Ndinalandira katoni ija, n'kumuwonjezera ya mafuta, anthu akuonerera mwachidwi.

Tsiku la mapemphero anabwera onse, ngakhale aja amangooneka kukagwa maliro. Mipando ndinali nditaithira mankhwala, kuiyanika padzuwa, kuipukuta. Palibe anakhalapo. Atcheyamani anati lero tipemphera choimirira, pokumbukira ovutika. Bambo wina wa miyendo yotupa anabwera ndi kampando kake. Amayi zikwama anazipanira m'khwapa, osaziika pansi. Ine ndiye ndinawerenga mawu, koma musandifunse kuti anali a m'buku liti. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaonepo chibadwire. Tiyi yemwe anamwa ali chilili, ngati anthu odikira minibasi.

Anthu atatuluka, a Nambewe anatsalira pakhonde, akuchita ngati nsapato yawavuta.

"Amake Tadala, bwanji simunangobwera kwa ine?"

"Ndimaopa kuti mudziwa."

"Aa, inu! Ine ndimadziwa za anthu ambiri. Mwa aja anaimirira m'nyumba mwanumu, ambiri anagula mankhwala omwewa kwa ine. Ndimawakulungira m'nyuzipepala, pamwamba n'kuikapo sopo. Munamvapo za munthu?"

Sindinamvepo. Ndinawapempha kuti anditchulire dzina limodzi lokha, mtima wanga ukhaleko pansi. Anakana. Ndinawanyengerera mpaka pageti, kulonjeza kuti sindiuza aliyense (mwina kupatula mchemwali wanga), koma anakanabe. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndinathawa munthu wosunga pakamwa, n'kukadzipereka kwa njinga yamoto.

Wakabaza uja sananame, botolo limodzi silinakwane. Lachiwiri ndinakagula kwa a Nambewe, masana dzuwa likuswa mtengo. Analikulunga m'nyuzipepala, sopo pamwamba. Ndikutuluka pamsika ndinakumana ndi akazi a atcheyamani, aja anamwa tiyi wanga ali chilili. M'manja anali ndi kaphukusi ka nyuzipepala, sopo ali pamwamba. Tinapatsana moni mwaulemu, n'kufunsana za ana.

"Sopo wakwera mtengo masiku ano," iwo anatero.

"Wakweradi, mayi," ndinayankha, tonse awiri tikukanda mkono.