Masamba Pamsewu wa pa Lirangwe

Lolemba

Kope latsopano, cholembera chobwereka. Lero ntchito yayamba.

A Nambewe, mai a kunyumba, atha miyezi isanu ndi iwiri osaponda tsidya la msewu, chiwagundireni njinga yamoto ija. Mwendo unapola mokhota, koma mantha sanapole. Tchalitchi chili tsidya, msika uli tsidya, anzawo onse ali tsidya. Lamulungu amangokhala pakhonde, kumvera kwaya ili patali. Zimandipweteka mtima. Ndiye dzulo ndawalonjeza: Lamulungu likubwerali muwoloka ndi miyendo yanu.

Yankho lawo: "Tiyi wanu akuzizira."

Ine pa nkhani zimenezi si munthu wamba. Zaka makumi awiri ndinali mesenjala pa ofesi ina ya mapulani m'tawuni. Mapu ndanyamula ambiri, ena ndawaonera paphewa pa mabwana. N'chifukwa chake pa Lirangwe pano amanditchula a Mapulani, ngakhale ena amatero akuseka.

Pulani yake:
1. Powolokera, kuchokera pakhomo pathu kukafika pa tchalitchi.
2. Kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa tala, kuchokera pa tchalitchi kukafika pa msika.
3. Miyala makumi anayi yopaka laimu, kulekanitsa anthu ndi magalimoto.
4. Ulemu.

Tayeza limodzi ndi Che Ajusa, telala wa tsidya lija, mnzanga wa bawo. Tepi ndi yawo yoyezera mathalauza, ndiye kugwada kwake sikunawerengeke. Iwo maso ayamba kuchita nkhungu, ine mawondo akulira. Pomaliza akuti, "Msewu uwu m'chiuno ndi wonenepa, a Mapulani."

Lachiwiri

Kulambula. Kusalaza. Kututa miyala pa wilibala.

Komiti ya msika yavomera ndi mtima wonse, kutanthauza kuti palibe wabwera. Wapampando akuti, "Pitirizani, tili pambuyo panu." Ndacheuka kangapo, sindinawaone.

Dzuwa likupendeka miyala yonse ili pamzere, yoyera mbee! Ndayendamo kanayi m'kanjiramo, manja kumbuyo monga ankachitira mabwana aja. Che Ajusa ayendamo atatsinzina, kuyesa ngati wosaona angafike pa msika. Afika osapunthwa.

A Nambewe angosuzumira pampanda basi. Koma ndikulowa m'nyumba ndawapeza atatulutsa nsapato zawo za ku tchalitchi, akuzipukuta ndi kansanza. Ndanamizira kufuna machesi, ndatuluka.

Lachitatu

Miyala yatsala makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Kumene yapita:
- Isanu ndi umodzi yasanduka mafuwa a amayi awiri okazinga mandasi.
- Inayi atenga makondakita, kutchingira matayala a minibasi zosakhulupirika mabuleki.
- Itatu ikupsinja zovala za wogulitsa kaunjika kuti zisauluke.
- Umodzi wakhalira munthu wodikira basi ya ku Mdeka. Ameneyu ndamusiya, ndi woyenda pansi.

Kondakita mmodzi ndamugwira mwala uli m'manja. Akuti, "Madala, mwala ndi wa Mulungu, inu mwangopaka." Ndamusiya apite nawo poti n'zoona.

Za powolokera: ndajambula mizere ya laimu patala. Yakhala mpaka kudutsa kwa lole yachitatu.

Lachinayi

Kanjira kanga kadzaza.

Osati ndi oyenda pansi ayi. Tomato, anyezi, chiwaya cha tchipisi, wokonza njinga ndi zitsulo zake, ndipo kumapeto anyamata a kabaza atsegula siteji. Onse akundithokoza. Mai wina akuti, "Mulungu akudalitseni a Mapulani, kale pano panali pokumbika, posayalika malonda." Andipatsa mulu wa tomato. Ndalandira, ndichitenso bwanji.

Choipa n'chakuti kale anthu ankayenda pokumbika pomwepo, mopunthwa koma m'mbali. Tsopano akuyenda patala penipeni, minibasi zikuwapukuta malaya. Ndakonzera anthu malo, ndawakankhira pamsewu.

Wapampando: "Ino ndi demokalase, a Mapulani. Komanso amene mukuti ndiwathamangitsewo ndi amene anandisankha."

Mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto ndiye osanena. Amalonjezedwa chisankho chilichonse, ndipo tinawaombera m'manja kangapo.

Pa bawo ndaluza kawiri. Che Ajusa akutola nkhomo zanga akuti, "Madalaivala a pano amaopa zinthu ziwiri basi, apolisi ndi masamba a maliro." Iwo anena mocheza. Ine ndamva ngati malangizo.

Lachisanu

M'mawa kwambiri ndasadza mango a kuseri. Nthambi ndayala modutsa msewu, mzere wina kumtunda kwa nyumba yathu, wina kumunsi, monga timachitira pakagwa zovuta.

Zagwira!

Minibasi zikukwawa. Mawailesi zii. Apanjinga akutsika, abambo akuvula zipewa. Nkhalamba ina yawoloka osathamanga, yaimanso pakati kukonza mtolo wake pamutu. Zaka zonsezi sindinaone Lirangwe wokongola chonchi. Ndaima pageti misozi ikulengeza, anthu odutsa akundiweramira. Ine ndimayesa akuyamikira pulani.

Chimene sindinaganize: masamba ali pakhomo panga, ndipo m'nyumba mwanga muli munthu amene sanaoneke miyezi isanu ndi iwiri.

Dzuwa lisanakwere, amayi a ku tchalitchi awoloka, ufa m'mabeseni, nkhuni pamutu, kulira atayambira kumsewu: "A Nambewe inu, mwatisiya bwanji!" Alowa pageti, apeza a Nambewe ali pakhonde akusenda mtedza. Mmodzi wataya beseni, liwiro.

A Nambewe awayang'ana mmodzimmodzi. "Miyezi yonseyi simunawoloke kudzandiona. Lero mwawoloka, ndi ufa womwe."

Amayiwo atapita, a Nambewe andiuza motsitsa mawu: "Mwandilira ndili moyo, bambo." Nsapato zija abwezera pansi pa bedi.

Nthambi ndachotsa ndekha, madalaivala akuliza mabelu, wina akufunsa ngati malemu adzuka. Che Ajusa adutsa pochokera kumzikiti. Sanaseke. "Masamba saseweretsa, a Mapulani. Tikamba mawa, ndibwera kudzatenga tepi yanga."

Loweruka

Sindinatuluke. Manyazi.

Masana phokoso kumsika, kenako anthu kuthamanga.

Che Ajusa. Anatseka makina, ananyamuka kubwera kuno. M'kanjira mulibe poponda, ndiye anatsikira patala monga aliyense, ndi maso awo aja. Minibasi ziwiri zimalimbirana okwera. Awanyamula pa galimoto ya munthu wina, koma kuchipatala sanafike.

Tepi ili m'thumba mwanga chiyambire Lolemba. Ndikanaibweza tsiku lomwelo. Ndikanasiya pokumbika paja pakhale pokumbika. Lachiwiri munthuyu anayenda pamenepo atatsinzina.

Miyala yatsala iwiri. Sindikudziwa chifukwa chake ndawerenga.

Lamulungu

Masamba ali pamsewu. Ayala ena, ndipo lero palibe wofunsa kuti ndi a ndani.

Ndikumanga zingwe za nsapato, a Nambewe atuluka kuchipinda, mpango kumutu, ndodo m'manja, nsapato zija kuphazi. "Tiyeni kwa Che Ajusa. Abiti Saidi sangalire amuna awo okha."

Tafika m'mphepete mwa tala. Ndafuna kuwagwira dzanja, akana. Phazi, ndodo, phazi. Lole yonyamula simenti yaima, dalaivala chipewa chili pabondo. Palibe belu, palibe wotukwana. Awoloka ndi miyendo yawo, tsiku lomwe ndinalonjeza. Kwaya ikuimba m'tchalitchi, iwo akhotera kumanzere, kunyumba ya mnzanga.

Ndinaganiza kuti tsiku limeneli ndidzasangalala. Ndalira ngati mwana, pakati pa msewu.

Taika masana. Tepi ndapereka kwa Abiti Saidi. Aipinda bwinobwino, akuti, "Amuna anga amati munthu wamisala pa Lirangwe pano ndinu nokha, ndiye amakukondani."

Pochokera kumanda ndawoloka kudzatsekera nkhuku, kuti ndibwerere kukatenga a Nambewe. Ndikutuluka, masamba achotsa. Minibasi zayambiranso, mawailesi, mabelu, tomato ali m'kanjira mwake.

A Nambewe ali tsidya, aima ndi ndodo yawo pafupi ndi miyala iwiri ija. Ine ndili kuno. Tayang'anana nthawi yaitali, magalimoto akudutsa pakati. Kenako akweza dzanja, abwerera kwa Abiti Saidi.

Ndatsegula tsamba la Lolemba, ndawerenga pulani yonse. Ndinalemba za kuwoloka. Za kubwerera sindinalembe.