A Dobi Ankasita Ndalama

Funsani aliyense wa mumsewu uno, akuuzani chimodzimodzi: a Dobi ankasita ndalama. Musaganize kuti ndikuphiphiritsa ayi. Ankasita ndi simbi yeniyeni ya makala, yomwe ija anasitira malaya a anthu a m'maofesi ndi madiresi a akwati kwa zaka makumi anayi, m'kachipinda kawo kuseri kwa wokonza njinga. Dzina lakuti Dobi linali la ntchito yawoyo, yochapa ndi kusita, ndipo dzina lenileni linachita kuiwalika.

Akatsiriza zovala za makasitomala, simbi itayamba kuzizira, ankatulutsa ndalama zonse za tsikulo. Yochokera kwa wogulitsa nsomba ankayamba aipukuta. Yokhala ndi makutu opindika ankaiwongola ndi chala. Kenako ankaiyala patebulo, kuphimba ndi kampango konyowa pang'ono, n'kudutsitsa simbi kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndalama inkatuluka pamenepo ili nga, moti ena amalumbira kuti ukanatha kudulira tomato.

"Munthu wakugwirira ntchito, iwe n'kumupatsa chinthu chofinyafinya ngati wachitola m'ngalande?" ankatero. "Ayi, ine chipongwe chimenecho sindichita."

Mwana wawo womaliza, amene tonse timangomuti Chitsiriza, anakulira m'fungo limenelo la makala ndi pepala lofunda. Ali wamng'ono anamutuma kukagula machesi kwa wagolosale watsopano. Mkuluyo anaiyang'ana ndalamayo padzuwa, kuinunkhiza, n'kukuwa kuti, "Yabodza iyi!" Mzere wonse unamuyankhira pamodzi: "Si yabodza, ndi ya a Dobi!"

Panalinso mayi wina wosaona amene ankakhala pamasitepe a mlatho wa anthu oyenda pansi, kambale kali pamiyendo. Lachisanu lililonse a Dobi ankasita ndalama imodzi pomalizira penipeni, kuikulunga m'kampango, kuiika m'thumba la pachifuwa, n'kuuyatsa ulendo mothamanga ngati basi ikuwasiya. Ukawapatsa moni panjira ankangokweza dzanja. Cholinga chinali chakuti ndalamayo ikafike isanazizire. M'mbalemo sankaponyamo ayi, ankawerama n'kuika m'manja mwa mayiyo.

"Yafika yotentha, a Dobi," mayiyo ankatero.

"Ikadzazizira mudzandibwezere," iwo ankayankha, n'kubwerera kwawo pang'onopang'ono akupuma wefuwefu.

Ndiye kunabwera zikwangwani zija zokana ndalama zamapepala. Zinayamba ndi mabasi. Tsiku lina a Dobi atakhala bwinobwino pampando, anatulutsa ndalama yawo yowala, kondakitala n'kuwalozera kamakina kokolekedwa m'khosi mwake.

"Madala, ndalama sitilandira. Gunditsani khadi apa."

"Simulandira ndalama? Nanga basiyi imamwa madzi?"

"Ngati mulibe khadi lipirani pafoni."

"Foni ndi yolankhulira, mwana iwe. Ukufuna ndiinyengerere kuti ikupatse?"

Basi yonse inafa nacho chiseko, koma kutsika anatsika. Kuyambira tsiku limenelo a Dobi ankayenda pansi kulikonse, ndipo amene anapindula ndi wosoka nsapato. Koma sipanapite miyezi itatu, nayenso wosoka nsapato anapachika kachikatoni kolembapo nambala ya foni. Akuti chenje chinkamusowa.

Zomvetsa chisoni zinachitika kuchimbudzi cholipira cha kumsika. Anali ataikako chitseko chachitsulo chotseguka ndi makina. A Dobi anafika zinthu zitavuta kale, ndalama ili m'manja, akupondaponda ngati pansi pali moto.

"Agogo, dikirani pang'ono, netiweki yathawa," anatero mlonda.

"Bambo, nkhani ndabwera nayo inoyi siidikira netiweki!"

Munthu wina wachifundo anagunditsa khadi lake, chitseko n'kutseguka. Atatuluka, a Dobi anamusakasaka munthuyo msika wonse, kudutsa kwa a kabichi, kwa a mapoto, mpaka anamupeza akukwera njinga. Anamugwira malaya, kumutambasula chikhatho, n'kumuikamo ndalama. Munthuyo anaiyang'ana ngati amupatsa mwana wa eni kuti alere.

Chitsiriza anayesetsa, bodza ayi. Pa nthawiyo anali mayi wa ana awiri, akugwira ntchito yolandira malipiro patilu m'sitolo yaikulu ya pamphambano. Anawatsegulira bambo ake akaunti, kuwabweretsera khadi, kuwaphunzitsa manambala anayi achinsinsi mpaka mawu kusasa. Iwo anamvetsera mwaulemu, n'kuliika khadilo m'thumba la kumbuyo. Atakhalira masiku awiri linapindika. Inu mukuganiza kuti munthu ngati a Dobi akaona chinthu chopindika amatani? Fungo la pulasitiki wopserera linakhala mumsewu uno masiku atatu, ndipo simbi anachita kuipala ndi mpeni.

"Ndalama yanji yosapirira simbi?" anafunsa, ali ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

Chitsiriza anaseka mpaka misozi, kenako anapsa mtima. "Bambo, dziko lasintha! Mudzafa ndi njala ndalama zili m'thumba. Chavuta n'chiyani kwenikweni?"

A Dobi anayamba apachika malaya amene anali m'manja, ndiye n'kuyankha. Mwana wawoyo ankamutchula kuti mayi. "Mayi, ukamupatsa munthu ndalama m'manja, amakuyang'ana kumaso. Amaona kuti pano pali munthu, wagwira ntchito, wabwera yekha kudzalipira. Pamakina anu aja aliyense amayang'ana makina. Ine ndakhala moyo wanga wonse kuseri kwa zovala za anthu. Malaya amapita kuofesi, ine ndimatsala. Pamene ndimaoneka ndi polipira pokha." Anatambasula dzanja lawo lamanja, lija la zipsera za makala. "Tsiku limene dzanja ili lidzasowe wolandira, udzadziwe kuti bambo ako atha."

Mawu amenewo anamukhala Chitsiriza pamtima, chifukwa malo olandira ndalama ankatha ngati madzi m'chidebe chobooka. Wogulitsa mankhwala anasiya. Wometa anasiya. Ngakhale mayi wa makala, amene a Dobi ankagula kwa iye kuyambira ali mtsikana, anapepesa atagwira m'manja kuti amene amamuodetsa makalawo safuna zamapepala. Panatsala sitolo ya pamphambano yokha. Lachisanu lililonse, asanapite kumlatho, a Dobi ankalowamo atavala malaya oyera, kutenga sopo, shuga ndi machesi, n'kuima pamzere wa mwana wawo. Mzere wina ukhale waufupi chotani, iwo ankadikira pomwepo.

"Mwaswera bwanji, akalaliki?" ankatero mwaulemu ngati sakumudziwa.

"Ndaswera bwino, kasitomala. Kaya inu?"

Kenako chikwangwani chinafikanso pakhomo la sitoloyo. Kabokosi ka ndalama ka patilu, kamene kankalira kuti ngwee kakamatseguka, anakakhoma ndi kiyi. Chitsiriza sanawauze bambo ake, ndipo anadalira kuti maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Lachisanu litakwana, iwo anatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Iye analandira ndalamayo ndi manja awiri, kuilowetsa m'thumba la epuloni, n'kugunditsa khadi lake mobisa pansi pa kauntala. Makina analira, lisiti linatuluka, a Dobi anapita akumwetulira.

Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri. Ndalamazo analibe kozigwiritsa ntchito, ndiponso mtima sunkamulola kuzipinda. Ankangoziika m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati.

Tsiku lina manijala anamuitanira muofesi n'kumuonetsa chithunzi cha kamera. Apo panali Chitsiriza, ndalama m'manja, dzanja likulowa m'thumba.

"Ndi bambo anga, bwana. Ndimalipira ndi khadi langa, mukhoza kuona."

"Ndaona kale, ndipo ndikudziwa kuti sukuba," anatero manijala, amene sanali munthu woipa. "Koma akuluakulu amakhulupirira kamera kuposa ine. Wogwira patilu woika ndalama m'thumba, nkhani yake ndi imodzi. Zikachitikanso, sindidzatha kukuteteza."

Chitsiriza anaganiza za lendi, anaganiza za ana ake awiri. Masiku atatu ankafika mpaka pakhomo la kachipinda ka bambo ake kuti awauze, koma akamva simbi ikuyenda patebulo, ankangopereka moni n'kubwerera.

Lachisanu linafika. Chitsiriza anawaona bambo ake akulowa, malaya oyera mbee. Sopo, shuga, machesi. Manijala anaima chapatali, akunamizira kukonza mashelefu.

"Mwaswera bwanji, akalaliki?"

Dzanja lija linatambasuka. Chitsiriza anamva kufunda kwa ndalamayo asanaikhudze n'komwe. Manja ake anakhalabe pakauntala.

"Pepani, bambo," anatero. "Muno ndalama zamapepala sitilandira."

Anthu a mumsewu uno ankadikira yankho loseketsa, monga la m'basi lija. Koma a Dobi anangomuyang'ana mwana wawo mofatsa.

"Ndikudziwa, mayi," anatero chapansipansi. "Kabokosi kako kanasiya kulira kalekale. Maso ndi amene anafooka, makutu ndili nawo."

"Ndiye munkabwereranji, bambo?"

"Unkalandira ndi manja awiri."

Anaibweza ndalamayo m'thumba mosamala kuti isapindike. Mayi wina pamzerepo anatulutsa foni kuti awalipirire, iwo anakana mwaulemu. Sopo, shuga ndi machesi anazibweza okha, chilichonse pashelefu yake, n'kutuluka. Chitsiriza anatumikira kasitomala wotsatira misozi ikugwera pamakina.

Ataweruka anagula zinthu zitatuzo n'kupita nazo kwa bambo ake. Iwo anaimirira, kulandira, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mwatithandiza." Anathokoza ngati mlendo wopatsidwa malo ogona. Chitsiriza akanakonda akanamukalipira.

Kuyambira pamenepo a Dobi sanalowenso m'sitolo iliyonse. Zonse zinkabwera ndi mwana wawo, ndipo nthabwala zinawathera. Ulendo umene unatsala ndi wa kumlatho wokha. Miyendo itayamba kukana, ankakulunga ndalama ija m'timipango tiwiri m'malo mwa kamodzi, chifukwa njira inali itatalika. Nyengo yozizira itafika anagona masabata atatu, ndipo m'mawa wina sanadzuke.

Msewu uno sunasinthe kwenikweni. Makina akulirabe pii, pii, m'sitolo iliyonse. Koma wometa amati Lachisanu amadzipeza akusuzumira pawindo, kudikira munthu wa malaya oyera wothamanga atagwira pachifuwa. Wagolosale uja, amene tsopano ndi nkhalamba, amati chiyambire sanaonenso chinthu chaukhondo ngati ndalama yomwe anainena kuti ndi yabodza. Timalipira mwachangu masiku ano, osayang'anana, ndipo palibe amene amatichedwetsa pamzere. Tinkadandaula kuti a Dobi amatichedwetsa, koma ine ndikuti timawasowa.

Patapita milungu iwiri chiikireni maliro, Chitsiriza anatsitsa chitini chija. Anatengamo ndalama imodzi n'kupita kumlatho, pokumbukira kuti panali munthu mmodzi amene palibe anakamuuza. Anamupeza mayiyo pamasitepe pomwe paja, kambale kali mbee, anthu akudutsa maso ali pafoni. Anawerama n'kumuika ndalamayo m'manja.

Mayiyo anaisisita ndi chala, m'mbali monse ndi m'makona.

"Ndi yawo iyi," anatero. "Koma yazizira."

Mayiyo anaifumbata ndalamayo pakati pa zikhatho zake kwa nthawi ndithu.

"Apita, eti?"

"Apita, amayi. Ine ndine mwana wawo."

"Wa patilu uja. Ankakunena sabata iliyonse." Mayiyo anapisa m'chikwama chake chansalu n'kutulutsa kabuku kakale kopanda chikuto. Pakati pa masamba ake panali ndalama zosita, zogona bwinobwino, zosapindika ndi pang'ono pomwe.

"Simunagule nazo kanthu?" anafunsa Chitsiriza.

"Ndikagule kuti, mwana wanga? Wa buledi anasiya kulandira chaka chatha. Ine amandidyetsa ndi mchemwali wanga." Anatseka kabukuko. "Koma munthu wathamanga msewu wonse kuti ifike yotentha, ine ndinene kuti sindilandira?"

Chitsiriza anakhala pansi pamasitepe pomwepo, yunifolomu ili m'thupi, n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Mayiyo anamufufuza ndi dzanja mpaka anapeza phewa lake. Chitsiriza atatonthola, mayiyo anamutambasula chikhatho n'kumubwezera ndalama ija.

"Anandiuza okha kuti ikadzazizira ndidzabweze."

Lachisanu lotsatira, wokonza njinga anamva fungo la makala kuchokera m'kachipinda kotseka kaja. Ndalama yoyamba Chitsiriza anaipsereza, chifukwa sanadikire kuti simbi izizire. Yachiwiri inatuluka bwino. Anaikulunga m'kampango ka bambo ake, ndipo wometa atasuzumira pawindo anaona mayi wa yunifolomu ya m'sitolo akuthamanga kulowera kumlatho, dzanja lili pachifuwa.