Nyimbo ya ku Brazil pa chilangizo cha Chisomo

Ndilembe lero lomwe nkhani isanazizire, ngakhale dzanja likuchita manyazi.

Amayi ndi telala kuno ku Mayville, kudziko la eni, komanso ndi amene amatsogolera zilangizo za atsikana a kutchalitchi kwathu. Ine, poti ndili kusekondale, ndine womasulira wawo kuchipatala ndi kwa alandilodi. Amauza anzawo kuti palibe chilankhulo chondikanika (sindinawatsutsepo).

Tikukonzekera chilangizo cha achemwali Chisomo a kutchalitchiko, Amayi anandionetsa kavidiyo pafoni. Mzimayi wa ku Brazil atavala zoyera, atagwada, manja m'mwamba, misozi ili chuchuchu.

"Mwanawe, akuti chiyani apa? Nyimboyi ikundigwira mtima."

Chipwitikizi sindichidziwa ngakhale moni. Ndikanatha kufufuza kaye, koma amayi anayi anali atandizinga, akudikira. Ndinayang'ana kugwadako ndi misoziyo.

"Akupemphera," ndinatero. "Akuti, ngakhale ndivutike chotani, sindidzakusiyani Ambuye."

"Ameni!" onse anavomera.

Nyimbo yolowera mkwatibwi inapezeka pomwepo. Atandifunsa ndime yachiwiri, ndinaipeka. Yachitatu ndinaikamo za kupirira m'banja (ndinkaona kuti zikubwera bwino). Pofika Lachisanu, Amayi anali atasokera gulu lonse mipango yoyera.

Loweruka, muholo ku Phoenix, a Chisomo analowa ataphimbidwa chitenje kumutu, amayi akuwaperekeza pang'onopang'ono. Ine ndinali pa maikolofoni, kumasulira mzere ndi mzere. Amayi abusa ankapukuta misozi.

Kumbuyo wina anaphulika kuseka. Anali azakhali a mkwati, a Rozina, omwe anakulira ku Tete ndipo Chipwitikizi ndi chawochawo.

"Pepani amayi, nyimboyi mwaisankha dala?"

"Ndi ya pemphero," anayankha Amayi. "Mwana wanga ndiye wamasulira."

"Eish! Ameneyu akuti, wandinamiza katatu, malaya ako onse ndawotcha, komabe bwera tidzamenyane kenako tipsompsonane. Akugwadirayo si Mulungu ayi, ndi mwamuna chidakwa."

Chitenje cha mkwatibwi chinayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka. Amayi abusa ananyamuka n'kukazimitsa okha sipika. Maikolofoni inatsala m'manja mwanga, ndipo sindinadziwe woti ndimupatse.

Titangotsika takisi, Amayi ananditembenukira.

"Ukanangonena kuti sukudziwa, ndikanakudya?"

"Ayi, Amayi."

"Mwezi wamawa kuli chilangizo china. Ukuganiza andipatsanso?"

Ndinangowerama.

"Lamulungu ukapepesa pamaso pa amayi onse. M'Chichewa, kuti ukayamba kunama ndikakumve."

Mawu opepesawo ndalemba kale, masamba awiri, ndipo ndikukhulupirira kuti andikhululukira. Kungoti powerenganso ndapeza kuti ndalembamo zoti foni sinkamveka bwino tsiku lija, pomwe inkamveka bwinobwino. Chiganizo chimenecho ndachiyang'ana nthawi yaitali. Sindinachifufutebe.