Sikirini ya mamba a ku Chiuta

Amene akukayika adzuke pompano azipita, benchi ili ndi la anthu a makutu. Inu ana mukuseka poona nkhalamba yogulitsa mtedza, koma kafunseni pa Ulongwe ponse kuti chaka cha njala ija, mvula itadula chimanga chili m'mawondo, anapulumutsa mafoni a achinyamata ndani. Ndine, Che Saidi, ndi manja omwewa.

Zinayamba ndi Asiyatu, mwana wa malemu achemwali anga. Achimwene ake anali ku Joni, ndipo anamutumizira thumba la ufa pa thiraki yodutsa msewu uno. Dalaivala ananeneratu kuti akayandikira adzaimba, ndipo akapanda kuyankhidwa adzangopitirira. Tsoka ilo, foni ya mtsikanayo inagwa ali pa kabaza, galasi lonse nyenyenye. Ikalira ankakhula ndi chala mpaka kudzicheka, koma kuyankha osatheka. Atapita nayo ku Balaka anamuuza mtengo wofuna mbuzi yathunthu, pomwe mbuzi yomaliza anali atasinthanitsa kale ndi madeya.

Anandipeza pano maso ali gwa, nati, "Anjomba, ana akugonera mango owiritsa, ndiye ufa udutse pamsewu ine ndikuyang'ana?"

Ndinangomanga lamba, n'kuuyatsa ulendo wa ku nyanja ya Chiuta, liwiro lake loti chithunzithunzi changa chinatopa n'kutsalira pa Nsanama, ndinachita kuchitenga pobwerera. Mukumva? Kunyanjako ndinabwereka bwato, n'kupinda sipoko ya njinga kukhala mbedza, nyambo ndinaikapo chigamba cha malaya anga chifukwa chaka chimenecho nsomba nazo zinali ndi njala, ndipo mbedza isananyowe bwinobwino inagwidwa ndi chinsomba cha makumba chimene chinandikoka mpaka ku Mozambiki, anthu akumeneko n'kundipatsa moni m'Chipwitikizi, chisanandilole kuyankha chinatembenuka n'kundibweza kwathu, ine chingwe chili kumano poti manja anali kalikiliki kukapa madzi m'bwato. Walahi, nditachivuula nyanja inaphwera, asodzi n'kumangotola milamba m'matope ngati akukumba mbatata. Nyama yake ndinawasiyira eni mudzi, anadya mpaka kuiwala kuti kunja kuno kuli njala. Ine ndinasenza mamba okha, lililonse kukula ngati lichero, loyera ngati madzi a pamjigo.

Nditafika kuno ndinadula limodzi ndi lumo, n'kulikwecha ndi phulusa, n'kuchotsa galasi losweka lija, n'kumata latsopanoli ndi ulimbo wa mbalame. Ulimbo usanaume foni inalira. Asiyatu anangoigusa pang'ono, inayankha, ndipo sikuti tinangomva mawu okha iyayi, tinamuona dalaivalayo ndi chipewa chake, dzino lake logweluka, thumba la ufa kumbuyo kwake, ngakhale phiri limene anali asanalifike n'komwe. Tsiku limenelo ana a Asiyatu anadya mpaka kugona chokhala.

Mbiri ilibe mwendo koma imayenda. Kutacha, mzere wa achinyamata unayambira pano mpaka pa mlatho wa Liwonde, ena ochokera ku Utale wapansi, aliyense ndi foni yosweka m'manja, wina akudikira kuitanidwa kuganyu, wina uthenga wa kusukulu, wina mawu a amayi ake ali m'chipatala. Sindinabweze ndi mmodzi yemwe. Wokhala ndi chinangwa ankasiya chinangwa, wopanda kanthu ankasiya zikomo. Vuto linali limodzi, amphaka a boma lonse la Balaka, pomva fungo la nsomba, ankalondola eni mafoniwo mpaka mumzikiti. Koma ubwino wake, foni ikagwera mu Shire inkasambira yokha kubwerera kumtunda, ndipo pakhomo posowa ndiwo ankangoiviika m'madzi otentha, kuthira mchere, msuzi wapsa. Mukumva, inu?

Mamba atayamba kuchepa ndinawakhazika pansi achinyamatawo, n'kuwauza kuti nkhalamba siikhalitsa, luso ndilo limakhalitsa. Ndinawaphunzitsa kutsegula foni osaipweteka, kumasula tizitsulo tating'ono ngati nthata za nkhuku, kumata popanda kusiya mpweya. Iwo anagwirizana zomasonkherana n'kumaoda magalasi enieni pamodzi kuti mtengo usamalume anzawo. Tebulo lija mukuliona patsidya pa msewu, lokhala ndi ambulera yofiira, ndi la Asiyatu, ndipo atsikana awiri akumuthandizawo anawaphunzitsa yekha. Pitani ndi foni yanu yosweka, simukagulitsa mbuzi.

Iwe wa malaya obiriwira ukuti ndikuonetse foni yanga? Ndilibe, ndipo sindinakhalepo nayo. Ya chiyani? Ine ndikaima pachulu n'kukuwa, amandiyankha ku Nayuchi, kumalire a Mozambiki. Ukuti nanga bwanji sindinangomukuwira dalaivala uja? Iwe sunaione njala. Chaka chimenecho mawu anga ankathera pa Nsanama.