Tsiku Limene Ndinabisala M'paipi

Linali Lachinayi, 11 koloko itangopitirira pang'ono, m'chaka chachiwiri cha ufulu, pamene manyazi anga anatsala pang'ono kuphetsa mwana wanga. Ku Mindolo kuno ku Kitwe ena nkhaniyi amaidziwa, ndipo amaikamba moonjeza. Bola ndiikambe ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Katete. Chibemba ndinkangomva cha moni basi. Tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya alamu anga, ndipo amuna anga, bambo a Malita, ankagwira ntchito kwa kontilakita wina amene ankamanga nyumba zosanjikiza kufupi ndi tauni ya Kitwe. Masiku amenewo kulikonse kumene ungayang'ane kunali kukumba ndi kumanga. Malitayo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Akaweruka, bambo a Malita ankabwera akudandaula za munthu mmodzi yemweyo, a Tembo. Awa ndiwo ankayang'anira chitetezo cha antchito pamalopo, ndipo anzawo ankangowatcha a Sefiti. Anali Mkatolika wa kwathu konko kum'mawa, wokhalitsa m'migodi, ndipo kudzanja lamanja anatsala ndi zala zitatu. Ntchito yawo inali kuletsa. Makwerero akagwedera pang'ono, a Tembo aletsa. Munthu akavula chisoti chifukwa cha thukuta, a Tembo aimba wezulo.

"Munthu ameneyu amawerenga ndi nsanza zomwe," ankatero amuna anga.

Ine ndinkaseka nawo (ndinkayesa kuti mkazi wabwino amaseka chimene mwamuna wake akuseka).

Tsikulo anaiwala pakhomo mbatata yawo ndi botolo la tiyi. Ndinabereka mwana n'kuyamba ulendo wapansi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pokumba maziko anakumana ndi thanthwe, ndipo masana amenewo ankafuna kuliphulitsa ndi dainamaiti. Anali atatchera kale. (Amuna anga mpaka lero amalimbikira kuti anandiuza dzulo lake. Mwina anandiuzadi, ine maganizo ali pa mwana amene ankatsegula m'mimba chifukwa cha mano.)

Nditafika ndinapeza pageti padzaza amuna. Anali atawatulutsa onse kuti adikire kumeneko, koma ine zimenezo sindinazidziwe. Ndinangoona chigulu cha amuna, ena atavula malaya, akusekana m'Chibemba. Ndidutse pakati pawo ine? Ine amene apongozi anga akandipatsa moni ndimayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi? Ndinaima kuseri kwa mtengo n'kusuzumira. Amuna anga sindinawaone, ndiye ndinati basi ali m'kati. Ndinazungulira mpanda mpaka kumbuyo, ndinapeza pamene malata awiri anasiyana, n'kulowa chammbali.

M'katimo munali zii, popanda ndi munthu mmodzi yemwe. Ndinathokoza Mulungu (tangoganizani). Kutsogolo kwanga kunali chingwe chachitali, atamangirirapo tinsalu tofiira. Ndinati n'choyanikapo zovala. Ndinawerama n'kudutsa pansi pake.

Pomwepo ndinamva kumsana kutentha. Malita anali atadziipitsira, osati pang'ono ayi. Zinadutsa thewera, zinadutsa nsalu, mpaka pabulauzi panga. Thewera lina sindinatenge. Ndinabwerera pachingwe paja n'kumasulapo kansalu kamodzi, mumtima ndikuti mwini wake sangakasowe, tilipo tambiri. Pafupi ndi dzenje lalikulu panali mapaipi a simenti aakulu, oti munthu n'kukhalamo. Ndinakwawira m'paipi imodzi, ndinavula bulauzi, ndinapukuta mwana ndi kansalu kaja, n'kuyamba kumuyamwitsa. Kunena zoona, chibwerereni ku Kitwe sindinakhalepo pamalo abata ngati amenewo.

Wezulo inalira. Kenako ndinamva mapazi a jombo akubwera, ndi mawu a mwamuna akufuula m'Chibemba. Sindinamve zonse. Koma anabwereza m'chilankhulo chathu, momveka bwino.

"Kodi kuli munthu kuno? Tikuphulitsa mwala. Ngati muli munthu, yankhani."

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Ena akamaikamba amati sindinamve chifukwa cha Chibemba. Ndinamva. Mawu akuti tikuphulitsa ndinawamva bwinobwino. Koma ndinadziyang'ana: pachifuwa palibe kanthu, bulauzi yaipa, m'manja muli nsalu yakuba yonunkha. Ndinati ayambe adutsa, ndivale, ndithawire momwe ndalowera, palibe adziwe. Malita anafuna kulira, ine ndinam'kanikizira kubere kuti asamveke. Ndi manja angawa. Mapazi aja anapita.

Wezulo inaliranso kachiwiri. Zotsalazi ndinazimva pambuyo pake kwa amuna anga. Ikalira kachitatu, ndiye kuti aphulitsa. A Tembo ndiwo anali atazungulira malo onse, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo pobwerera anatsata chingwe chija akuwerenga tinsalu tawo. Kamodzi panalibe. Anaima, anawerenganso, anapita kukauza mzungu woyang'anira ntchito kuti saphulitsa. Mzunguyo anakalipa, akuti ndi mphepo, akuti malole akudikira, akuti tsiku lonse lathera pa nsanza. Amuna pageti anayamba kukuwiza, anga omwe ali pomwepo.

"Mphepo simasula mfundo," anatero a Tembo. Anazula kiyi wa bokosi lophulitsira, kuika m'thumba mwawo, n'kubwereranso m'kati.

Nthawi yonseyo ine ndinali kulimbana ndi mabatani. Ndinkati ndikuthawa, koma ndinali pomwepo. Kenako kukamwa kwa paipi kunada. Munthu ananjuta n'kusuzumira. Anali atatsata mapazi anga pafumbi, ndi botolo la tiyi limene ndinalisiya pachingwe.

Atandiona anatembenuza nkhope msanga, anavula jekete yawo n'kundiponyera.

"Valani, amayi. Mwanayo ndipatseni ine."

Mukudziwa chimene ndinayamba kunena? Osati zikomo ayi.

"Pepani bambo, kansalu kanu ndikachapa."

Sanaseke. Analandira Malita ndi zala zitatu zija, anamuika paphewa, n'kufunsa osandiyang'ana.

"Poyamba paja, munandimva?"

"Ndinamva."

"Nanga?"

"Ndinachita manyazi."

Kenako anangoti, "Tiyeni."

Ulendo wochoka papaipi kukafika pageti ndiwo wautali kuposa wa ku Katete. Patsogolo a Tembo ndi mwana wopanda thewera, pambuyo ine m'jekete yachimuna yofika m'mawondo, mbatata ili m'manja (imeneyo yokha sindinaiiwale). Amuna aja atationa wina anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Bambo a Malita anatuluka m'gulumo, anati, "Amake Malita?" n'kukhala pansi pafumbi.

A Tembo anandibwezera mwana, anatulutsa kiyi, n'kuimba wezulo yachitatu. Nthaka inagwedezeka mpaka m'mano. Malita analira, ndipo ulendo uno ndinamusiya alire.

Fumbi litatsika, a Tembo anatiitana ine ndi amuna anga kuti tiwatsate. Anatitengera kumapaipi kuja. Chimwala chonga mtondo chinali chitagwera pa paipi yanga n'kuiphwanya pakati, pomwe ndinatsamira paja. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, kapena kundimenya kumene. Anangotisiya tiyang'ane mpaka titakhuta.

"Amuna awa ine atopa nane," anatero pomaliza. "Ndikalankhula amamva ngati mvula padenga. M'mawa uliwonse 7 koloko ndimawasonkhanitsa ntchito isanayambe. Mawa mubwere, amayi, muwauze zimene mwandiuza ine."

"A Tembo, ameneyu sangathe," anatero amuna anga. "Ngakhale pakati pa amayi anzake kutchalitchi sapemphera mokweza."

"Lero wakhala chete, ndipo taona zake. Komanso inuyo, bambo a Malita, ndinakumvani pageti paja mukuti ndiphulitse."

Pobwerera kunyumba amuna anga anabereka okha mwana, chinthu chimene anali asanachitepo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsikulo manyazi anandithera. Kungakhale kunama. Mpaka lero pamsika akanditchulira mtengo wokwera ndimalipira n'kukadandaulira kunyumba. Chimene chinasintha n'chochepa: munthu akaitana kuti kodi muli munthu, ndimayankha, ngakhale ndili kubafa, ngakhale akuitana nyumba ya eni.

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinasambitsa Malita, ndinatenga matewera atatu. Njira yonse ndinkakonza mawu, abwino ndithu, okhala ndi vesi kumapeto. A Tembo anandiimika pa mulu wa matabwa, amuna onse ali patsogolo panga, zisoti kumutu. Mawu aja anathawa onse.

"Mwadzuka bwanji," ndinatero.

Angapo anayankha. Ndinaima pamenepo thukuta likutsika, a Tembo osandithandiza ndi pang'ono pomwe. Nditasowa chochita ndinamasula nsalu, ndinatsitsa Malita kumsana n'kumukweza m'mwamba kuti onse amuone.

"Uyu anali m'paipi," ndinatero. "A Tembo anatiitana. Ine ndinamva, koma ndinam'tseka pakamwa."

A Tembo anabwereza m'Chibemba, mawu omwewo, osaonjeza. Palibe anaseka. Ndinatsika pamatabwa paja, ndinabereka mwana wanga, n'kudutsa pakati pawo kupita kunyumba, maso ali pansi.