Zikomo, Tadya Kale

M'chigawo china cha dziko lino, kuseri kwa phiri limene dzina lake silofunika, kuli mudzi wotchuka ndi zinthu ziwiri: kutchena ndi ulemu. Kumeneko munthu akhoza kusowa khasu, koma osati nsimbi. Amuna ankapita kudimba atamanga tayi, ndipo akafika ankangoimirira n'kumayang'ana mbewu, poopa kuti kuwerama kungawononge mzere wa buluku.

Woyang'anira zonsezi anali a Lufeyo Chikadza, Wapampando Wamkulu wa Bungwe Loona za Kavalidwe, Kayankhulidwe ndi Kakhalidwe Koyenera. Bamboyu kolala yake inkayera ngati ufa, ndipo ngakhale poyetsemula ankayamba wapempha chilolezo. Mwa malamulo onse a Bungwe, limene ankalinyadira koposa linali lakuti munthu woleredwa bwino salandira chinthu akangopatsidwa. Amakana kaye, n'kudikira kuti amukakamize, kenako n'kulandira monyinyirika, ndi manja awiri, maso ali pansi.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanakhwime. Dzuwa la Okutobala lisanafike, m'nkhokwe zonse munalibe kanthu, ndipo ana ankagonera mango aawisi owiritsa. Bungwe linakumana mwachangu n'kugamula kuti mawu akuti njala ndi achipongwe, osayenera kutuluka pakamwa pa munthu wovala nsapato.

Kunyumba kwa a Chikadza kunali kamdzukulu kawo, Esinati, kamene ankakakonda kuposa jekete lawo la Lamulungu. Mwanayu anali atasiya kusewera.

"Bambo, taonani mapazi a mwanayu, ayamba kutupatu," anatero akazi awo, a Nangondo. "Akuti mawa kubwera galimoto ya chimanga chathandizo. Chonde, mukanene zoona."

"Zoona zimanenedwa mwadongosolo, mayi," anayankha a Chikadza. "Mumuveke masokosi."

M'mawa mwake mudzi wonse unasita. Amayi anadzola mafuta m'milomo kuti isaoneke kuuma. Abambo analuma timitengo totokosera m'mano, ngati anthu amene angomaliza mbale ya nyama. Mmene galimoto inkafika, inapeza anthu atakhala m'mizere yowongoka, akununkhira sopo.

M'galimotomo munatsika Mayi Dzonzi, wogawa chimanga wa bungwe lina lachifundo, fumbi lili m'mutu monse. M'midzi imene anadutsa, anthu ankathamangira galimoto uku akulira. Kuno analandiridwa ndi kwaya, kenako a Chikadza anaimirira n'kuyamba malonje. Anathokoza mlendo, makolo a mlendo, dalaivala, ndiponso msewu umene unawabweretsa. Ali mkati mothokoza matayala, mayiyo anakweza dzanja.

"Pepani bambo, midzi yandichulukira lero. Ndingofunsa: kuno njala ilipo? Titsitse matumba?"

Fungo la chimanga linali litafika kale m'mphuno mwa a Chikadza, ndipo m'mimba mwawo munalira mokweza moti anachita kutsokomola kuti zisamveke. Anayang'ana akazi awo, amene anali atanyamula Esinati pamiyendo. Kunena zoona, chimangacho ankachifuna ndi mtima wonse. Koma anamanga batani la jekete, n'kuwerama pang'ono.

"Zikomo kwambiri, mayi. Ife tadya kale."

Anthu anawomba m'manja mofatsa, posangalala ndi yankho lokongolalo. Kenako onse anadikira kuti mlendo afunsenso monga mwa mwambo.

"Ambuye akudalitseni!" anatero Mayi Dzonzi. "Anthu oona mtima ngati inu akusowa masiku ano. Adalaiva, musamasule zingwe, tipite kutsidya."

Thukuta linatsika m'kolala yoyera ija. "Komabe, mayi, ngati inu mukuumirira ndithu..."

"Ayi bambo, sindingakakamize munthu wamkulu ngati inu. Kumeneko kungakhale kupanda ulemu." Mayiyo anali atagwira kale chitseko cha galimoto pamene anatembenuka. "Koma popeza kuno zinthu zili bwino chonchi, simungaponyeko kangachepe kothandizira anzanu akutsidyawo? Kumeneko ana akutupa mapazi."

Kumumana mlendo pagulu? Zimenezo mudziwo unali usanazionepo, ndipo sizikanayambira pa Wapampando Wamkulu. A Chikadza analamula kuti akatenge lichero la madeya limene linatsala m'nyumba mwawo. Amene analisenza anali a Nangondo, misozi ikutsika, chifukwa madeya akanadetsa jekete. Enanso, poopa kuoneka osaleredwa, anabweretsa uyu kambale ka nyemba, uyu kachinangwa. Galimoto inachoka italemera kuposa mmene inabwerera, kwaya ikuimba nyimbo yotsazikira.

Madzulo ake Bungwe linakumana n'kugwirizana, popanda wotsutsa, kuti mlendoyo sanaleredwe bwino, pakuti munthu wamakhalidwe safunsa kamodzi kokha. A Chikadza anabwerera kunyumba mtima uli m'malo kuti mbiri ya mudzi yatetezedwa. Ali pakhomo anamva Esinati akulira, kulira kofooka kosalekeza. A Nangondo anali khale pamkeka, poto ali chadodolido pambali.

"Ndiye a Wapampando, mwanayu ndimupatse chiyani?"

A Chikadza anavula jekete, n'kulikoleka bwinobwino pamsomali. Anasuzumira panja, kenako anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Muuzeni azilira chapansipansi, mayi. Anthu angaganize kuti ali ndi njala."