Madzi a Kumapeto a Dziko mu Fuliji ya Amalume

Lolemba, Januwale 1976

Fuliji ya ku labu ya kusukulu kwathu yafa. Pulofesa ali ku msonkhano mpaka Lolemba likudzali, ndiye mabotolo anga atatu ndabwera nawo pa basi kunyumba kwa amalume kumene ndimakhala, nditawakumbatira ngati khanda. Ndi madzi a m'nyanja ya Akitiki, yozizira ija ya kumpoto kwenikweni kwa dziko: la pamwamba, la pakati, la pansi penipeni. Sitima inatunga chilimwe chatha, ndipo imapita kamodzi pachaka.

Ntchito yanga ndi kulondola mtundu wina wa kaboni, wozindikirika ngati ng'ombe yodulidwa khutu, kuti tidziwe mmene umatsikira kuchoka mumlengalenga mpaka pansi pa nyanja. Malamulo ndi awiri: madzi azikhala pozizira, ndipo asakumane ndi mpweya. Ndikayeza bwinobwino, digiri yatha, Ogasiti ndili ku Zomba kukwatira Esinati. Zikalephereka, chaka china m'chisanu muno. Mabotolowo ndawaika mu fuliji ya amalume, kuseri kwa mkaka. Amalume sindinawauze kuti asakhudze. Munthu ungawaletse bwanji amalume ako fuliji yawo yomwe?

Lachiwiri

Ndabwera madzulo, amalume akhala patebulo, Baibulo uku, botolo la pamwamba uku, lotsegula! Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo mabotolo omata phula obisika kuseri kwa mkaka akuwadziwa kuyambira ku Dedza. Akuti, "Mphwanga, kachasu m'nyumba mwanga?" Anunkhiza, alawa, alavula. Kenaka akuti, "Ndimangotesita. Koma ndiwe mwana wabwino." Ndayankha kuti zikomo amalume. Mpweya wonse wa dera lathu lino la North York walowa m'botolo, pamodzi ndi wa m'kamwa mwawo. Atsala awiri, ndipo awiri angakwanebe ngati Pulofesa wadzuka bwino.

Lachitatu

Ndafotokoza zonse pa chakudya, mwaulemu, mozungulira. Ndinafuna kunena kuti musatsegule, koma chimene chatuluka ndi chakuti madziwa ndi osowa kwambiri, ochokera kumapeto a dziko, ndipo akhala pansi pa nyanja zaka zambirimbiri osakhudzidwa ndi munthu. Anti, akazi a amalume, angoti, "Osakhudzidwa ndi munthu?" Maso awo awala. Sindinawakonde mawalidwe amenewo.

Zofunika mawa: tepi yomatira, pepala lolemba kuti POIZONI, kulimba mtima.

Lachinayi

Tepi ndagula, kulimba mtima sikunapezeke. Ndafika kunyumba, amayi a mapemphero adzaza pabalaza, ena achokera kutali ku Etobicoke, ena ku Mississauga. Anti awauza kale za madziwo. Mayi Gondwe, amene anandilandira pa eyapoti n'kundipatsa jasi yomwe ndikuvalayi, akhala pampando wa amalume, mapazi otupa ali m'beseni. Akuti, "Mwanawe, timadzi tako takumapeto kwa dzikoto, pang'ono pokha, ndi zamchere zomwezi zimathandiza."

Anamwino atatu m'chipindamo, palibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Onse akundiyang'ana. Ndapita ndekha ku fuliji, ndatsegula ndekha botolo la pakati, ndathira ndekha nditagwada. Ayimba nyimbo. Ine ndikuona Ogasiti akusungunuka m'beseni pakati pa zala za Mayi Gondwe. Akuti akumva kupepuka.

Lachisanu

Latsala limodzi, la pansi penipeni, lofunika kuposa onse. Foni yalira kawiri: wina ali ndi nyamakazi, wina mwana wake sakhoza masamu, onse akufuna madzi. Ku labu akuti wokonza fuliji abwera sabata yamawa. Chakudya sichikulowa. Ndikamva chitseko cha fuliji, ndikudumpha ngati ndaponda moto.

Koma nzeru zabwera. Ndalikulunga botolo m'sokosi, ndaliika pakhonde panja, kuseri kwa matayala akale. Nyengo ino palibe Mmalawi amene angatuluke pakhonde la nyumba yosanja mwakufuna kwake. Kuzizira kulipo kwaulere. Ndauza anti kuti ndalibweza ku sukulu. Bodza loyamba m'nyumba ya mkulu wa mpingo, koma mtima wakhala pansi.

Loweruka

Lasweka.

Madzi aundana, atupa, galasi lang'ambika kuyambira kukhosi mpaka pansi. M'sokosi muli chibuma cha ayezi ndi magalasi. Ine amene ndimaphunzitsa ana a chaka choyamba kuti madzi akaundana amafufuma! Kwathu chinthu chikaikidwa pozizira chimasungika, basi, mutu wanga unathera pomwepo. Madzi apulumuka ku Akitiki, apulumuka kwa amalume, apulumuka kwa Mayi Gondwe, adzafera m'manja mwa mwini wake. Ndakhala pakhonde mpaka makutu kuuma. Anti andipeza, aona sokosi. Angondikokera m'nyumba n'kundipatsa tiyi.

Lamulungu

Kutchalitchi Mayi Gondwe achitira umboni, avina pang'ono kuonetsa mapazi. Anthu andigwira chanza ngati ndachita zazikulu. Mawa ndikaonana ndi Pulofesa. Sitima ndi chilimwe chikubwerachi, kuyeza ndi chisanu chinacho. Esinati ndimuuza kuti nsalu ya ukwati aisunge kaye mu sutikesi, aikemo mankhwala a njenjete. Ndikuopa yankho lake kuposa la Pulofesa.

Madzulo amalume andiitana kukhitchini. Atsegula fuliji: mabotolo atatu kuseri kwa mkaka, awiri anga aja ndi limodzi la sikwashi, odzaza, omata bwino ndi kandulo. Akuti, "Tathira a pampopi ndi mchere, ndalawa ndekha, sakusiyana. Mzungu wakoyo sadziwa."

Ndalandira ndi manja awiri.